Chigawenga cha mu Sipika ya Fyson

Amene anatsikapo minibasi pa Chinyunyu Loweruka masana anawamva mawu a Fyson, afune asafune. Sipika yake inali pamwamba pa chisakasa cha malata, kuseri kwa azimayi ogulitsa nthochi, ndipo inkabangula mpaka kukasupe wa madzi otentha. M'katimo munali TV imodzi, batire la sola, mabenchi, ndi Fysonyo maiki ili kukamwa, akumasulira mafilimu a azungu ouluka m'mwamba atavala zothina. Chizungu chakecho tisanamizane, chinathera giredi seveni. Ankangoyang'ana nkhope ndi manja a anthu a mufilimu, nkhani n'kumapeka yekha, koma oonera ankati filimu yopanda Fyson ndi ndiwo zopanda mchere.

Mwana ameneyu anali ndi chilonda mumtima. Atate ake atamwalira, mng'ono wawo, Ba Levy, anafika maliro asanazizire n'komwe. Anatsokomola kawiri monga mwa chizolowezi chawo, n'kunena kuti mwaulemu wonse, dimba la kumtsinje ndi la mtundu wawo, ndipo mlamu anangobwera ndi ukwati. Dimba limenelo Ba Estina, amake Fyson, analilima kuyambira ali mtsikana, ndipo ndi limene linalera ana onse ndi tomato ndi repu. Ba Levy analowetsamo ng'ombe ndi pulawo, mbewu zili m'nthaka. Mayi uja anayamba maganyu m'minda ya anthu amene kale ankawapatsa mbande. Mlandu anaupereka kwa anduna a mfumu, koma anduna ankangoti tidzaumva tikakolola, zokolola n'kumadutsa.

Fyson anali wowonda ngati bango, nkhonya analibe. Chimene anali nacho ndi pakamwa, ndipo analumbira kuti pofika tsiku la bwalo, Chinyunyu yense adzakhala atamudziwa njoka ameneyu mpaka m'matumbo.

Anayamba pang'ono. Chigawenga cha mufilimu, chija chofuna kuphulitsa dziko, chisanalankhule Fyson ankatsokomola kawiri n'kuti, “Mwaulemu wonse, mzinda uno ndi wa mtundu wathu.” Dzina sanatchule ngakhale tsiku limodzi. Panalibenso chifukwa, chisakasa chonse chinagwa ndi phwete. Ndiye mnyamata anazimva kukoma! Chigawenga chilichonse, kaya cha mutu wa chitsulo, kaya chochokera kumwezi, chinasanduka munthu mmodzi yemweyo, ndipo sabata iliyonse Fyson ankachiwonjezera mbiri. Anachipatsa ubwana: akuti chinkaba mazira a nkhuku za amake n'kunamizira galu. Anachipatsa njinga yopanda mabuleki, jekete limodzi la kutchalitchi, ndi mkazi amene chinkamuopa kuposa mphezi. Anachipatsa umbombo wowerenga kapenta mmodzimmodzi mumphika. Akagona ankaganiza za Ba Levy, akadzuka Ba Levy, mpaka ankadziwa mmene angayankhire funso lililonse.

Nanga mwini filimu, ngwazi youluka ija yopulumutsa nkhalamba ndi ana? Ameneyo Fyson analibe naye nthawi. Ankangoti uyu ndi wabwino, mumudziwa kale, wabwera kudzamenya, basi. Sanamupatse amake, sanamupatse njala, sanamupatse ngakhale kachizolowezi. Anthu akaona ngwaziyo ankatuluka kukagula mtedza, n'kubwerera akamva kutsokomola. Pamapeto chigawenga chikagwa, mabenchi onse ankadandaula kuti aa, afa msanga Ba Levy. Fyson ankamva zimenezo n'kumati anthuwo akufuna Ba Levy azunzike nthawi yaitali. Wamisala anaona nkhondo, koma wochenjera wathuyu sanaone kanthu.

Ba Levy poyamba anapsa mtima, anafika mpaka poopseza kuti aphwanya sipika. Koma nkhalamba ija siinali yopusa. Inaona kuti pamsika, pamene kale anthu ankaiyankha moni ndi mphuno, tsopano akuiitana ndi kuipatsa mpando. Makondakitala ankaikuwira pawindo kuti mwaulemu wonse, kwerani bwana. Ndiye inayamba kutsokomola mokweza dala, n'kumapukusa mutu ngati chigawenga cha mufilimu, anthu n'kumagwirana mapewa ndi kuseka. Fyson ataona, anakukuta mano n'kunena chamumtima kuti sekani lero, tikaonana pabwalo.

Ba Estina sanalowepo m'chisakasamo. Ankangomva kwa anzawo potunga madzi kuti mwana wanu watipha ndi nthiti. Anamufunsa kamodzi kokha ngati zimene akuchitazo zidzabweza dimba. Iye anawauza kuti adikire chabe, nsima ikupsa.

Tsiku linafika, m'mawa wa mwezi wa Okutobala, dzuwa likuwotcha kale. Anthu anadzaza pansi pa mtengo wa mpundu kuposa pamaliro, ndipo mtima wa Fyson unadumpha ndi chimwemwe. Onsewa abwera kudzaona njoka ikuphedwa, anatero mumtima. Ba Estina anayamba. Analankhula motsitsa, manja ali pamiyendo, za ngalande zimene anakumba ali ndi mimba ya Fyson ndi za mango amene anabzala ndi malemu. Anthu anamvetsera, inde, koma mmene ankamvetserera mwini filimu, maso ali kwina.

Kenako nduna yaikulu inapatsa mpata Ba Levy. Anaimirira pang'onopang'ono, anakonza jekete, anayang'ana khamu lonse. Anatsokomola kawiri.

Bwalo linaphulika. Azimayi anabisa nkhope m'zitenje, anyamata anagubuduka m'fumbi, ndipo nduna imene inagwira ndodo inatembenukira kumbali mapewa akugwedezeka. Pamene Ba Levy ankati mwaulemu wonse, khamu linamaliza nawo limodzi ngati korasi ya kutchalitchi. Mboni ya Ba Estina, mayi wa dimba loyandikana ndi lolandidwalo, anayesa kulankhula koma anakanika, misozi ya chiseko ili mbwee.

Fyson anadzambatuka. Anati anthu inu, izi si za filimu, amayi anga agona ndi njala, alima minda ya eni ngati akapolo chifukwa cha munthu uyu. Ankanena zoona. Koma anali mawu omwe aja a mu sipika, amene anthu anazolowera kuti akamveka ndiye nthawi yoseka yakwana. Wina kumbuyo anakuwa kuti, “Chita ija ya mazira, Fyson!” Chiseko chinayambiranso, ndipo Ba Levy anaseka nawo, akupukuta maso ndi mpango.

Nduna itapeza mpweya inati apa palibe udani, banja limene limaseka pamodzi chonchi silifuna bwalo. Inati dimba likhale m'manja mwa Ba Levy monga mkulu wa mtundu, ndipo iwo azikumbukira mlamu wawo akathyola tomato. Anthu anawomba m'manja, ena anapita kukagwira Ba Levy chanza.

Pobwerera Fyson ankayenda kumbuyo kwa amake, akutukwana anduna, mboni ndi Chinyunyu yense. Analonjeza kuti Loweruka likubwerali amung'amba munthu ameneyu kuposa kale, amuvula mpaka anthu amulavulire. Ba Estina anaima panjira pamene pamaonekera dimba, ng'ombe za Ba Levy zikudya m'mphepete mwake. Sanakweze mawu.

“Mwana wanga, atate ako aang'ono anandilanda dimba, koma anthu ankandimvera chisoni. Chisonicho wandilanda ndiwe.”

Anamanga chitenje, n'kukhotera njira ya kumunda wa aphunzitsi, kumene anali asanamalize maganyu osose.