Simenti Yomwe Inaumira M'beseni

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chomwe fodya wathu wa bale anabwezedwa ku okushoni. Ndinaima m'chigafa, fungo la fodya likundikanda kukhosi, n'kuuza mkazi wanga Esinati kuti ndatopa. Ndinali mkamwini kwawo ku Lukwa, ndipo munda, chigafa ndi malo a nyumba zonse zinali za kwawo. Iye anangoti, "Pitani, bambo a Tadala, koma musakatchone."

Kumeneko ndinapeza ntchito pa kampani yokonza pansi pa nyumba zikuluzikulu zoziziritsiramo nyama ndi zipatso. Eni nyumbazo safuna kuimitsa ntchito, choncho sitinkagwiritsa simenti wamba. Yathu inali ya magineziyamu, yomwe ukathira madzi imatentha n'kuuma tiyi asanazizire m'kapu. Ine ndinali wosakaniza. Kapitawo wathu, bambo wa ku Zimbabwe, anandipatsa botolo la ufa woyera wotchedwa boraksi.

"Uyu ndiye amaigwira miyendo," anatero. "Ukathira wochepa, iumira m'ndowa. Ukachulutsa, ichedwa kulimba, magalimoto onyamula katundu aiphwanya."

Kukatentha ndinkawonjezera boraksi n'kuthira madzi a ayezi. Kukazizira ndinkachepetsa. Tsiku lonse linali lothamanga ndi ndowa yofunda m'manja, anzanga akukuwa kuti fulumira. Ngakhale Lamlungu, m'kachipinda kanga kamalata, ndinkadya choimirira. Panalibe wondifunsa kuti ndaswera bwanji. Ndinkatumiza ndalama mwezi ukatha, Esinati n'kumanditumizira zithunzi pa foni: njerwa, malata, kenako nyumba yathunthu. Pa chithunzi china ndinaona mng'alu wautali pansi pa balaza. Unandisowetsa mtendere. Ine wokonza pansi pa nyumba za azungu, kwanga kung'aluke?

Zaka zitapitapo ntchito inachepa, mapepala anga anatha, ndinanyamuka. Kapitawo anandipatsa thumba la simenti ija ndi boraksi m'kabotolo kopanda dzina. Basi itayandikira malire ndinayamba kuopa. Ufa woyera wopanda chizindikiro, ndikawauza chiyani ofufuza katundu? Ndinautaya m'chimbudzi cha pamalo omwetsera mafuta.

Ndinatsika pa Kasungu Boma m'nyengo ya dzuwa loswa mtengo, mvula isanagwe. Wakabaza atangomva kalankhulidwe kanga anafunsa, "Mubwerera liti, bwana?" Apongozi anga, titapatsana moni, anafunsanso zomwezo. Kutchalitchi nakonso chimodzimodzi.

Pakhomo fodya anali atamusiya kalekale. Esinati ankalima soya ndi mtedza, ndipo chigafa chinasanduka khola la mbuzi. Mlamu wanga Yohane, mchimwene wake wa Esinati, ndiye ankadziwa kogula feteleza ndi kogulitsa mbewu. Ndikadzuka m'mawa aliyense anali atapita kale ku ntchito yake. Ine ndinkangozungulira nyumba, kugogoda makoma, kukhala pampando, kudzukanso.

Tsiku lina ndinati lero ndiwaonetsa ntchito yanga. Ndinagoba mng'alu uja, kuusesa, n'kutenga beseni lachitsulo lomwe Esinati ankachapiramo. Boraksi ndinamufuna m'masitolo a pa Boma osamupeza. Ndinali nditamva kuti zowawasa zimaichedwetsako pang'ono, choncho ndinathira viniga m'madzi. Koma madzi a pamjigo anali atafunda padzuwa, ndipo malata ankawotcha ngati chiwaya. Nditangothira simenti ija n'kutakasa, beseni linayamba kutentha. Ndinathamanga nalo, ndinamata ngati mkono umodzi wa mng'alu, chipande cha nkhuni chomwe ndinkatakasira n'kuima chilili. Yonse inali itauma gwa.

Yohane anaseka mpaka kugwira chitseko. "Alamu, mwatibweretsera mwala kuchokera ku Joni?"

Esinati sanaseke. Anayesa kunyamula beseni lake, linakana.

"Mng'aluwu tinauzolowera," anatero. "Timaikapo mphasa."

"Nanga ine ndigwire chiyani pakhomo pano?" ndinafunsa. "Aliyense akungondifunsa kuti ndibwerera liti. Inunso mukufuna ndibwerere?"

Esinati anapukuta manja pachitenje.

"Bodza ayi, bambo a Tadala. Sukulu ya Tadala ndinaiwerengera kuti inu muli uko. Zonse pano ndinazikonza ngati muli uko. Sindinadziwe kuti mwabwera kudzakhala. Simunanene."

Zinali zoona. Sindinanene chifukwa nanenso sindinkadziwa.

M'mawa mwake anandidzutsa yekha, n'kunditengera kudimba kumunsi kwa dambo. Anandilozera chigawo chomwe chinamera tchire kuyambira pomwe bambo ake anadwala miyendo.

"Apa palibe mwini," anati. "Mukafuna, yambani. Mukafuna kukwera basi yobwerera ku Joni, mundiuze msanga, ndisabzale tomato wopanda womuthirira."

Ndinalandira khasu. Pano ndalima theka, matuza abwerera m'manja. Kapitawo uja analemba sabata yatha kuti ntchito yayambanso. Sindinamuyankhe, ndipo Esinati sanafesebe tomato. Akudikira ndinene.