Galu wa Anthu a m'Sitima

Vainess Namaona anafika ku South Bend, ku Amereka, kutsatira mwamuna wake, Lameck, amene ankaphunzira pa yunivesite. Vainess anapeza ntchito yosamalira okalamba m'nyumba zawo. Kumene anakhalitsa ndi kwa a Harold Nowak ndi akazi awo a Judith. Ankasamalira mayi ake a Judith mpaka gogoyo atamwalira mu 2012.

Maliro atatha, banjali linagulitsa fakitale yake ya zitsulo za magalimoto pamodzi ndi nyumba, n'kugula nyumba ina m'sitima yapamadzi. Sitimayo sinali ya anthu ongopita kutchuthi ayi. Eni ake ankagula zipinda n'kukhazikikamo ngati kwawo, sitima ikuzungulira dziko. A Judith anamuonetsa Vainess zithunzi: pabalaza, khitchini, khonde loyang'ana kumadzi, ndi bwalo la tenisi pamwamba penipeni.

"Vuto ndi limodzi, agalu salola," anatero a Judith. "Simungatisungireko Murphy?"

Murphy anali galu wamkulu waubweya wofiirira, wozolowera kugona pasofa. Vainess anakulira ku Zingwangwa, kumene galu amagona panja n'kudya zotsala. Anafuna kukana, koma mwana wake Pamela anali atamukumbatira kale galuyo m'khosi. Anavomera kuti amusunga chaka chimodzi.

"Amake Pamela, galu m'nyumba?" anafunsa Lameck madzulo ake. "Anthu akumpingo akabwera adzati chiyani?"

"Adzati muli galu," anayankha Vainess.

Lamulungu lililonse Vainess akaweruka kutchalitchi, a Judith ankaimba foni ya vidiyo. Vainess ankagwira foni patsogolo pa mphuno ya Murphy, iwo n'kumalankhula naye. Kumbuyo kwawo kunkaoneka doko lina sabata ino, mapiri a madzi oundana sabata inayo. Akatha za galu ankafotokoza za anansi awo: kuti amakangana pamsonkhano posankha kumene sitima ilowere chaka chamawa, kuti wina wa chipinda chapamwamba amaimba piyano molakwitsa. Tsiku lina anati, "Tili ku Maputo, pafupi ndi kwanu! Ndakukumbukirani." Vainess anathokoza. Chibwerereni ku Amereka anali asanapondeko kwawo, koma zimenezo sanazitchule.

Chaka chija chinatha popanda wonenapo kanthu. Vainess anamaliza maphunziro a unamwino n'kupeza ntchito pachipatala china ku Indianapolis. Nyumba zambiri zimene anazikonda zinkakana agalu, ndiye banja lonse linakakhala ku Speedway, dera loyandikana ndi bwalo la mpikisano wa magalimoto, kumene mwini nyumba wina anavomera. Mwezi wa Meyi, magalimoto ampikisano akayamba kubangula, Murphy ankathawira m'bafa akunjenjemera. Vainess akachokera kushifiti ankakhala naye pansi momwemo, akudya chakudya chake.

Mu 2017 a Harold anadwala sitiroko sitima ili kufupi ndi New Zealand. Dokotala wa m'sitimamo anawathandiza, koma munthu wofa mbali imodzi sakanatha kukhalamo. Anawabweretsa pandege n'kuwagoneka kunyumba yosamalirako odwala ku Indianapolis. Tsiku lake lopuma, Vainess anapita ndi Murphy kukawaona. Galuyo, amene tsopano anali atachita imvi kukamwa, ananunkhiza dzanja la a Harold, nawanyambita kamodzi, kenako anakagona pamapazi a Vainess.

"Mukafuna mumutenge," anatero Vainess. "Ndi wanu."

"Ndikamuika kuti?" anayankha a Judith. "Ine ndikugona kuhotela."

A Harold anamwalira m'nyengo yachisanu. A Judith anabwerera kusitima, chifukwa nyumba ina analibe, ndipo anthu amene ankawadziwa bwino anali komweko. Mafoni a Lamulungu anayamba kudumphadumpha, mpaka anatsala a pa Khirisimasi okha.

Murphy anafa mu 2019, impso zitasiya kugwira ntchito. Dokotala wa ziweto anawotcha mtembo monga amachitira kumeneko, n'kupereka phulusa m'kabokosi kathabwa. Vainess anawatumizira uthenga a Judith. Yankho linabwera patapita masiku: anapempha kuti phulusalo litumizidwe ku Cape Town, kumene sitima inali kukakocheza mwezi wotsatira, kuti akalimwaze m'nyanja.

Pamela analira, nakana, akunena m'Chingerezi kuti Murphy nyanja sanaionepo. Lameck anati nkhaniyo aithetse okha. Vainess anatenga supuni, natapa phulusa pang'ono n'kumuikira Pamela m'kabotolo. Lotsalalo analikulunga bwino, analipereka kupositi ofesi popita kuntchito, ndipo anafika pachipatala nthawi yake isanakwane.