Zala zinayi pamwamba pa kakolo

Dzulo mwana wanga wamkazi anandipatsa mchere, maso ali pansi, kuti ndithire mu nandolo. Ine ndi imvi zangazi! Mumadziwa inu, mkazi akakhala kumwezi sathira yekha. Ndinathira, koma mtima unathawira kwathu ku Kaduya.

Ndili mwana, ntchito imeneyi inali yanga. Achemwali anga a Feliya akangoti, “Iwe Dayisoni, dzathire mchere,” ndinkadziwa kuti agona pamphasa atadzipinda, akubuula. Ndinkayesa kuti mchere wangawo ndi umene ukuwapweteka, ndiye ndinkathira kadontho, bambo n'kumandikalipira.

Aphunzitsi ena aakazi ochokera ku Rumphi anawauza achemwaliwo kuti ululu umachepa ukakanikiza mkati mwa mwendo, zala zinayi pamwamba pa kakolo. M'mawa wa mayeso awo a Sitandade 8 ndinagwada pambali pawo, n'kuyeza ndi tizala tanga, n'kukanikiza mpaka dzanzi. Mwendo unali wozizira, chitenje chikununkha utsi.

“Kanikiza iwe! Zala ngati therere, udzakwatira ndani?”

“Zikusintha, achemwali?”

“Pang'ono,” anatero, msozi ukulowa m'khutu.

Belu la kusukulu linalira, tonse tinalimva. Anadzuka, anafika pakhomo, n'kukhalanso pansi. Mayeso aja sanalembe. Mvula isanagwe anali atakwatiwa ku Jenala.

Ndinakula ndikukhulupirira kuti tizala tanga tinaphonya malo. Lero ndikudziwa kuti mlandu sunali wa mchere kapena wa zala, komabe dzulo ndinapezeka ndikuyeza pa mwendo wanga.