Nsalu Imene Munang'amba pa Zingwangwa

Achemwali, lero pamaliro ku Chitawira ndaona a Nachisale, aja ankakhala kuseri kwa nyumba yathu, akutsogolera nyimbo ngati mngelo. Ndangodzuka n'kutuluka m'siwa, mtima ukuwira. Ndakumbuka tsiku lija anthu amfuti anawombera khamu pamsika wa Zingwangwa, masiku amene dziko linkalirira matipate. Aliyense anathawa, tomato ali mbwee pansi, koma inu munabwerera. Bambo wina wogulitsa makala, amene ngakhale dzina lake sitinkalidziwa, anagwera m'ngalande magazi akutuluka pantchafu. Munamasula nsalu yachipani ija ankatikakamiza kuvala, munaing'amba ndi mano pakati penipeni pa nkhope ya mtsogoleri, n'kumumanga mwendo. Ine ndinakuwa, "Achemwali, atipha!" Inu munandikalipira, "Gwira apa iwe, nsalu simva kuwawa!"

Bambo uja anachira. Koma a Nachisale anapita kukakunenerani kuti mwanyoza boma. Apolisi anadzakutengani pagalimoto, munabwerako patatha milungu itatu mukulavula magazi, ndipo mvula yoyamba sinakupezeni. Masiku ano pawailesi amatchula ngwazi za ufulu, zonse zamasuti, zina mwa izo ndi zomwe zinkavinira mtsogoleri kutsogolo nthawi ija. Dzina lanu palibe. Abusa amati tikhululuke. Chabwino, koma munthuyo abwere kaye adzanene ndi pakamwa pake chimene anachita. Zaka zonsezi a Nachisale akandiona amangoti, "Mwaswera bwanji?" Chidutswa chotsala cha nsalu ija ndikusungabe m'sutikesi, Achemwali. Sindinachichape, ndipo sindidzachichapa.