Mzere wa wachibale umene ndinausiya osalemba

Linali Lachiwiri m'mwezi wa February, 7 koloko m'mawa, pamene anandikankha pa kabedi ka mateyala kupita nane ku fiyeta, kochitira opaleshoni. Sindine munthu wolongolola, ndipo zimene ndikukuuzanizi n'zoona, sindinawonjezepo kanthu.

Ndinali nditakhala ku Dublin zaka zisanu ndi chimodzi, ndikugwira ntchito yosamalira okalamba, ndikugona ndekha m'kachipinda ku Drumcondra. Mkazi wanga ndi ana anali kwathu ku Ntcheu. Madokotala atandipeza ndi khansa ya m'matumbo sindinauze munthu. Mukudziwa mmene timachitira ife, nkhani ya matenda aakulu siinenedwa pa foni, amatuma munthu wamkulu kukaitula anthu atakhala pansi. Nanga ine ndikanatuma ndani? Kutchalitchi nakonso ndinabisa, poti ukauza mmodzi, mawa lake nkhani yafika kumudzi. Nditayamba kuwonda ndinasiya kuimba foni ya vidiyo, ndikunamizira netiweki. Pa fomu ya kuchipatala, pamzere wofuna dzina la wachibale, sindinalembepo, ndipo atandikumbutsa ndinati ndilemba mawa.

Dokotala anali atandifotokozera kale kuti opaleshoni achita ndi loboti, ine n'kugwedeza mutu ngati ndamva. Nditalowa ndinachiona chiloboticho chitaima pambali, chachitali kuposa munthu, manja anayi opindika atakutidwa m'mapulasitiki, nkhope chilibe. Ndinafunsa dokotalayo, mayi wa mawu ofatsa, kuti iye aima pati. Anandilozera pakona, kutali ndi bedi, pomwe panali mpando ndi chibokosi cholowetsamo mutu. Anati akhala pamenepo, aziona m'mimba mwanga pa kamera, ndipo manja a makinawo sasuntha pokhapokha zala zake zitasuntha.

Apa m'pamene ndinakumbukira kumudzi. Kwathu wodwala sagonekedwa yekha, pamakhala womudikirira, wogona pansi pafupi ndi bedi, wobwera ndi phala m'mawa. Ineyo ndinawadikirira bambo anga milungu itatu. Tsopano panja panalibe wondidikira, ndipo wonding'ambayo naye akakhala uko pakona. Ndinaganiza kuti ndikapanda kudzuka, mkazi wanga azingoimba foni yozima. Mpaka liti? Akamuuza ndani, ndipo m'chilankhulo chanji?

Nesi wina amene ankandigwira dzanja anawerenga dzina langa pa kalamba ka pamkono, n'kundifunsa m'Chinyanja cha ku Zambia kuti abale ali kuti. Nditayankha kuti sakudziwa, anandiyang'ana n'kunena kuti munthu wamkulu ngati ine sindingagone chonchi, ndimupatse nambala. Ndinayamba kutchula ya mkazi wanga, iye akulemba pa kapepala. Koma mankhwala ogonetsa anali atalowa kale. Pa nambala yachisanu lilime linalemera, ndikuyesetsa kukankha yotsatira, maso ali pa manja anayi aja, mpaka zonse zinada.

Ndinatsitsimuka madzulo ndili ndi tizilonda tisanu pamimba, chotupa atachichotsa. Nesi uja anadzera ku wodi asanaweruke, anaika kapepala kaja pachifuwa panga n'kunena kuti zotsalazo ndimalize ndekha.

Makina aja sindiwadandaula, anagwira ntchito yake bwino ndipo ndili moyo. Chimene ndimakhulupirira lero n'chakuti mwambo wotuma munthu unapangidwira anthu okhala moyandikana, ife tili kunja kuno ungatiphetse tili chete. Mukaona magazi popita kuchimbudzi pitani kuchipatala msanga, ndipo mzere wa wachibale musausiye.

Kutacha ndinaimba foni ya vidiyo. Mkazi wanga sanandipatse n'komwe moni. Anati miyezi itatu yonseyi akudziwa kuti ndinakwatira mzungu, ndipo kwa ankhoswe anapita kale. Ndinakweza gauni ya kuchipatala n'kumuonetsa mabala. Atawaona anafunsa kuti phala wandiphikira ndani. Ndinati palibe. Anati ndisadule foni, ndiitsamiritse pa pilo, ndipo anakhala pomwepo akundiyang'anira mpaka batire inatha.