Kirediti ya Chifalansa

Mwana wanga wamkazi atalowa Giredi 7 anabwera ndi pepala loti ndisaine. Nthawi imeneyo tinali titangosamukira ku Al Furjan, dera la mzinda wina waukulu wa kudziko la Aluya, ine ndikugwira ntchito ya unamwino pa kachipatala kena. Pepalalo linkati ana asankhe Chifalansa kapena Chisipanishi, ndipo amene akhoze kwa zaka ziwiri adzapatsidwa kirediti ya kusekondale.

Ndinaliwerenga kawiri koma mutu wake sindinaupeze. Kwathu kirediti munthu amaipeza akakhoza bwino mayeso a Folomu 4. Nanga mwana woti kusekondale sanapondeko, aipeza bwanji? Tsiku langa lopuma ndinapita kukafunsa.

Aphunzitsi ake, mayi wa imvi zambiri, anandifotokozera kuti pasukulu yawo kirediti ndi umboni woti phunziro lina latha. Mwana amafunika kusonkhanitsa zingapo kuti amalize sekondale, ndiye Chifalansa cha panopa chidzalembedwa pa mapepala a kumeneko.

"Ndiye kuti akulimiratu mvula isanagwe?" ndinafunsa.

Anaseka n'kuvomera. Ndinafunsanso ngati Chichewa chingawerengedwe, poti mwanayo amachimva. Anati alibe munthu woti angamuyese. Kenako anandipempha kuti ndiwaphunzitse moni wathu, ndipo anaulemba kuseri kwa pepala lomwelo.

Mwanayo anasankha Chifalansa osandiuza chifukwa. Tikamadya ndinkamufunsa zimene waphunzira. Tsiku lina anandiuza kuti m'Chifalansa tebulo ndi lalikazi koma buku ndi lalimuna. Ndinafunsa kuti anagamula zimenezo ndani. Iye anandibwezera funso: bwanji timati mpando uwu koma tebulo ili? Zaka zonsezi ndikuyankhula, ndinali ndisanaganizepo. Mawa lake kuntchito ndinkangotchula zinthu chamumtima, jakisoni uyu, botolo ili, mankhwala awa, mpaka mnzanga wa ku Chipata anandifunsa ngati ndili bwinobwino.

Chifukwa chimene anasankhira Chifalansa ndinachidziwa patatha miyezi yambiri, ku Deira, mbali ina ya mzindawo. Tinkakwera sitima ya Metro kupita kumeneko kukalukitsa tsitsi kwa amayi awiri a ku Cameroon, omwe ankacheza okhaokha m'Chifalansa manja ali pamutu pa mwanayo. Tsiku limenelo mmodzi ananena kanthu, mwana wanga n'kuphulika kuseka. Onse anasiya kuluka. Wamkuluyo anamufunsa funso pang'onopang'ono, iye n'kuyankha. Anamukonza penapake, anabwereza, ndipo anacheza mpaka tsitsi kutha.

Tili m'sitima anaulula kuti kuyambira kale ankafuna kudziwa ngati amayiwo amatijeda. Ndinafunsa kuti nanga amati chiyani.

"Amakangana za mchere, amayi. Wina akuti mnzakeyo amathira wambiri mu ndiwo. Za inu anangoti mumagona pampando pakamwa pali yasa."

Mayeso a kumapeto kwa Giredi 8 anamuvuta, makamaka olemba, ndipo anakhoza mopulumukira. Komabe pepala lake la kusekondale linabwera lili ndi mzere umodzi wodzaza kale, wa kirediti ya Chifalansa ija, ina yonse ili mbee. Ndinalijambula n'kutumizira mchemwali wanga ku Zomba, yemwe anafunsa ngati mwanayo wadumpha kalasi. Ndinamuimbira foni, ndipo kumufotokozera kunanditengera nthawi yonse yopuma masana.