Mawu Amene Anandikonza a Sisita Inesi

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene bambo anga anawoloka malire kukafuna ganyu ku Mozambique. Mayi ankangoti, "Abwera nandolo akauma." Nandolo anauma, tinamenya, tinadya, bambo kuli zii.

Chaka chomwecho kutchalitchi kwathu ku Nkhulambe kunabwera a Sisita Inesi, mzungu wamfupi wa ku Spain amene ankapalasa njinga yachimuna. Loweruka masana ankasonkhanitsa ana ofuna kuphunzira chiyankhulo cha kwawo. Ambiri ankathawa ntchito yotola nkhuni. Ine ndinkathawa kukhala chete kwa m'nyumba mwathu.

A Sisita ankalemba pabolodi afotokozi a Chingerezi amene tinkawadziwa kale kusukulu, kenako nkutiuza a Chisipanishi. "Tall" anali "alto" akakhala mwamuna, "alta" akakhala mkazi. Tinkafa nako kuseka kuti ngakhale tebulo ndi lalikazi. Manja a Sisita ankanunkhira sopo ndi choko, ndipo Chichewa chawo chinali chopindika kuposa cha agogo anga amene anakulira Chilomwe.

Tsiku lina analemba "sad", pambali pake "triste", nkutiuza kuti aliyense apange chiganizo. Itafika nthawi yanga ndinati, "Soy triste."

"Ayi, Esinati," anatero. "Nena kuti estoy. Soy ndi za mmene ulili moyo wako wonse, monga kuti ndiwe Mlomwe. Estoy ndi za mmene ulili lero."

"Zanga ndi za masiku onse, a Sisita," ndinayankha. Anzanga anazyolika, poti nkhani ya bambo ankaidziwa.

Ndinkayembekeza kuti a Sisita anditonthoza ndi bodza loti bambo abwera. Sanatero. Anapukuta choko m'manja, nkukhala pabenchi pafupi nane.

"Nena za lero zokha," anatero motsitsa mawu. "Mawa zikakhala chimodzimodzi, udzanenanso. Inenso estoy triste."

Ndinanena kuti "estoy triste," misozi ili mbwembwembwe. Kuchokera pamenepo ankandiperekeza mpaka pamlatho, akukankha njinga, ndipo panjira tinkatchula chilichonse chimene taona: phiri lalitali, dothi lofiira, mbuzi yowonda.

A Sisita anachoka mvula isanayambe chaka chotsatira, ine ndili kuchigayo. Sindinatsanzikane nawo. Bambo sanabwere mpaka lero, ndipo Chisipanishi chambiri chinandithawa m'mutu.

Patapita zaka, nditayamba uphunzitsi, mayi wina amene ankawaphikira masisitere anandiuza kuti sabata ya phunziro la "triste" ija a Sisita Inesi anali atalandira uthenga wa imfa ya mayi awo, ndipo kumaliro sanathe kupita. Apa mpamene ndinamvetsa kuti pabenchi paja sankapereka chitsanzo cha phunziro. Tinali ana awiri osowa makolo. Ndikanadziwa, ndikanawagwira dzanja.